Pisito yodzitetezera ku South Africa: iti, ndipo mungakonzekere bwanji maphunziro ake?

Ku South Africa, munthu wofuna mfuti yodzitetezera amaloledwa imodzi basi. Lamulo la mfuti la m'chaka cha 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004, likunena zimenezi pa ndime 13: pisito imodzi, kapena revolver (mfuti ya m'manja ya gudumu lozungulira) imodzi, kapenanso shotgun yosadzitchera yokha, ndipo laisensi yake imatha pakadutsa zaka 5. Laisensiyo imalembedwa pa nambala ya mfuti yomwe mwagulayo. Mukailandira n'kupeza kuti siikukhala bwino m'dzanja, palibe zobwerera kusitolo kukasinthitsa. Mudzayambiranso mapepala, n'kudikiranso miyezi. Choncho nkhani ya kusankha ndi yolemera kuno kuposa mmene imaonekera m'mavidiyo a ku America, kumene munthu amatha kukhala ndi mfuti zisanu n'kumasinthasintha.

Tisanafike pa mfutiyo, pali khomo limene ambiri mwa abale athu okhala ku Joni sangalowepo. Chiphaso chosonyeza kuti munthu ndi woyenera kugwira mfuti chimaperekedwa kwa nzika ya dzikolo kapena amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo. Pemiti yantchito kapena yasukulu siikwanira. Amene anapezekapo ndi mlandu wa chiwawa kapena wa nkhanza za m'banja, kapena wokonda mowa ndi mankhwala mopyola muyeso, amakanidwa. Ndiye ngati wina wakunong'onezani kuti ali ndi "katundu" wotchipa wopanda mapepala, dziwani kuti kupezeka ndi pisito yodzitchera yokha popanda laisensi kuli ndi chilango choyambira pa zaka 15 m'ndende, pokhapokha khoti litapeza zifukwa zamphamvu zochepetsera. Komanso simudziwa kuti mfutiyo inapha ndani isanafike kwa inu.

Kwa amene khomolo ndi lotsegula, ulendo umayenda chonchi. Mumayamba ndi maphunziro kusukulu yovomerezeka, omwe amakhala ndi mbali ya lamulo ndi mbali yogwira pisito. Ndi satifiketi yake mumapita kupolisi ya dera lanu, kwa ofesala woona za mfuti amene amamutcha DFO, kukadzaza fomu yopemphera chiphasocho, ya SAPS 517. Kenako mumagula mfuti, koma imatsala kusitolo komweko. Mumadzaza fomu yopemphera laisensi, ya SAPS 271, n'kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene mukuifunira, n'kumangirira sefu yovomerezeka kukhoma kapena pansi m'nyumba mwanu, apolisi n'kuiona. Mapepala amapita ku likulu la kaundula wa mfuti ku Pretoria. Ndalama mwalipira kale, mfuti simunaigwire, ndipo miyezi ikupita. Nthawi yodikirayi ndi yofunika kwambiri, ndipo tibwereranso pa mmene mungaigwiritsire ntchito.

Revolver kapena pisito ya magazini

Akuluakulu ambiri amalangiza munthu watsopano, makamaka mayi, kuti agule revolver yaing'ono ya .38 Special chifukwa "ilibe zambiri". Mbali ina ndi zoona. Mumatsegula, n'kuona ndi maso ngati muli zipolopolo, n'kutseka. Chipolopolo china chikakana kuphulika, mumangokokanso trigger (kachitsulo kowombera kamene mumakoka ndi chala), gudumu limazungulira n'kubweretsa china. Ikhoza kukhala m'sefu nthawi yaitali osadandaula.

Koma revolver yaing'ono, monga Smith & Wesson 642 kapena Taurus 85, ndi imodzi mwa mfuti zovuta kwambiri kulasa nazo. Trigger yake ndi yaitali ndiponso yolimba, imafuna mphamvu yoposa makilogalamu 4 pa mfuti yomwe payokha siifika kapena imangopitirira pang'ono theka la kilogalamu. Chala chikamalimbana ndi trigger, kamwa la mfuti limasuntha. Chogwirira n'chachifupi, zolozera zake n'zazing'ono, zipolopolo ndi 5 zokha, ndipo kuikamo zina kumatenga nthawi. Pa maphunziro a tsiku lonse, mwini revolver yotere amakhala akuikabe zipolopolo pamene anzake amaliza kale gawo lotsatira, dzanja litatupa. Revolver yaikulupo, ya mpope wa mainchesi 4 ngati Smith & Wesson Model 10, imalasa bwino ndithu ndipo imatenga 6, koma kunenepa kwa gudumu lake kumavuta kubisa m'chiuno.

Ine ndingapereke revolver kwa munthu mmodzi yekha: amene manja ake sangathe kukoka slide ya pisito (mbali ya pamwamba imene imakokedwa kumbuyo potchera) ngakhale ataphunzitsidwa kakokedwe koyenera, koma chala chake n'champhamvu. Anthu otere ndi ochepa kuposa mmene timaganizira, chifukwa ambiri amene amati slide yawakanika amakhala akukoka ndi nsonga za zala m'malo moigwira ndi chikhatho chonse n'kukankha mfuti kutsogolo ndi dzanja linalo.

Pisito ya magazini (kabokosi ka zipolopolo kolowa m'chogwirira) imatenga zipolopolo zambiri, trigger yake ndi yofewerapo, ndipo maphunziro ambiri odzitetezera anakonzedwa poganizira iyoyo. Vuto lake n'lakuti imafuna kuti muidziwe. Ikhoza kutsamwa ngati mwaigwira molobodoka, ngati magazini ndi yakutha kapena zipolopolo n'zoipa, ndipo muyenera kuphunzira kuikonza msanga. Ngozi yodziwika kwambiri pa mfuti zimenezi imachitika munthu akachotsa magazini n'kuganiza kuti basi mulibe kanthu, pamene chipolopolo chimodzi chatsala mumpope.

Katcheredwe kake

Apa m'pamene anthu okonda mfuti amakangana mpaka usiku. Pali mitundu itatu imene mudzakumana nayo kusitolo.

Woyamba ndi wa mfuti zopanda hamala (kachitsulo ka kumbuyo komenya kuti chipolopolo chiphulike) yoonekera kunja, zomwe amazitcha striker. Glock 17, yomwe Gaston Glock anapangira asilikali a ku Austria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi imene inatchukitsa mtunduwu, ndipo lero pali CZ P-10, Smith & Wesson M&P, Canik TP9 ya ku Turkey, Taurus G3 ya ku Brazil ndi zina zambiri. Trigger imakhala chimodzimodzi kuyambira chipolopolo choyamba mpaka chomaliza, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka pa Glock. Zambiri zilibe loko yoti muchotse ndi chala chachikulu. Mumasolola, n'kuloza, n'kukoka. Kuphweka kumeneku n'kumene kumathandiza munthu akagwidwa ndi mantha, zala zitauma. Koma kumatanthauzanso kuti chitetezo chonse chili pa holster (chikwama choikamo mfuti m'chiuno) yabwino ndi pa chala chanu. Chinthu chilichonse chikalowa pa trigger pobwezera mfuti, kaya ndi mkombero wa malaya kapena chingwe cha jekete, mfuti ilira.

Wachiwiri ndi wa hamala, umene kukoka koyamba kumakhala kwakutali ndi kolimba, kenako zotsatira zonse n'kukhala zofewa. CZ 75 ya mu 1975, yopangidwa ku Uherský Brod, ndi Beretta 92 ndi zitsanzo zake. Vektor Z88 imene apolisi a ku South Africa akhala akuyenda nayo kwa zaka zambiri ndi Beretta 92 yomweyo yopangidwa m'dzikomo. Kukoka koyamba kolimbako kumateteza munthu amene wadzidzimuka chabe, ndipo pobwezera mu holster mukhoza kupanikiza hamala ndi chala chachikulu n'kumva ngati china chake chikukoka trigger. Koma muyenera kuphunzira makokedwe awiri, ndiponso kukumbukira kutsitsa hamala nthawi iliyonse musanabwezere. Munthu amene amapita kukawombera kawiri pamwezi amazolowera. Amene amapita kawiri pachaka amaphonya chipolopolo choyamba, chomwe ndi chofunika kuposa zonse. CZ 75 yachitsulo imalemera pafupifupi kilogalamu yathunthu. Pabwalo ndi yokoma zedi, koma m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka madzulo imatopetsa. CZ P-07 ndi ya katcheredwe komweko koma yopepuka.

Wachitatu ndi wa pisito zotchedwa 1911 ndi Browning Hi-Power, zomwe zimanyamulidwa hamala ili yotchera, loko ili yotseka. Trigger yake ndi yabwino koposa, koma kuiwala loko pa nthawi yoopsa n'kosavuta. Si mfuti yoyambira.

Kwa munthu amene iyi ndi mfuti yake yoyamba ndiponso yokhayo, ndimaima ndi striker.

Kukula kwake: apa ndiye pagona nkhani

Ambiri amalowa m'sitolo n'kukopeka ndi kamfuti kakang'ono. Kamakwana m'thumba, n'kopepuka, sikaoneka. SIG Sauer P365, yomwe inatuluka mu 2018, inadabwitsa anthu potenga zipolopolo 10 za 9mm m'kathupi kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo Glock 43X ya mu 2019 nayo imatenga 10. Ndi mfuti zopangidwa bwino. Koma chipolopolo n'chomwecho chimene chimalowa mu mfuti yaikulu, ndipo mphamvu yake iyenera kupita kwinakwake. Mfuti yopepuka imadumpha ngati lole yopanda katundu pamsewu wa mabampu. Dzanja lachiwiri limasowa pogwira, mtunda wa pakati pa zolozera ndi waufupi kotero kuti kulakwitsa pang'ono kumakula pa chandamale, ndipo munthu watsopano amayamba kutsinzina ndi kugwetsa kamwa la mfuti asanawombe n'komwe, poopa kukankhako. Chizolowezi chimenechi chikalowa chimavuta kuchotsa.

Mbali inayo kuli zazikulu monga Glock 17 kapena Beretta 92: zosavuta kulasa nazo, zofatsa m'dzanja, zotenga zipolopolo 15 mpaka 17. Ngati mfuti yanu izikhala m'sefu kunyumba kapena kushopu, palibe chifukwa chosankhira yaing'ono. Koma lamulo pa ndime 84 limati mfuti yonyamulidwa pagulu ikhale mu holster kapena chonyamulira choyenera, ndipo ikhale yophimbika yonse. M'chilimwe cha ku Durban, mutavala shati yopyapyala, chogwirira cha Glock 17 chimaonekera. Zotsatira zake n'zodziwika: patapita milungu ingapo mfutiyo imayamba kutsala kunyumba.

Pakati pali gulu la Glock 19, CZ P-10 C, CZ P-07 ndi zofanana nazo: mpope wa masentimita pafupifupi 10, zipolopolo 15, chogwirira chokwana zala zonse za anthu ambiri. Siipambana pa chinthu chilichonse, koma siilephera paliponse. Popeza lamulo lakupatsani imodzi, imeneyi ndi imene ingathe kugwira ntchito zitatu: kuphunzirira, kusunga kunyumba, ndi kunyamula. Munthu wa thupi laling'ono kapena wa manja aang'ono, amene chala chake sichifika bwino pa trigger ya gululi, aganizire Glock 48 kapena P365 XL, zomwe ndi zopyapyala koma zili ndi chogwirira ndi mpope wotalikirapo.

Za kukula kwa chipolopolo sindichedwapo. Tengani 9mm Parabellum, ya Georg Luger yomwe yakhalapo zaka zoposa 120. Bungwe lofufuza milandu la ku America la FBI linaisiya pambuyo pa kuwomberana kwa ku Miami mu 1986, n'kupita ku 10mm kenako ku .40 S&W, koma cha m'ma 2015 linabwereranso ku 9mm litaona kuti zipolopolo zamakono zimalowa mokwanira, pakati pa mainchesi 12 ndi 18 pa mayeso awo, ndipo anthu awo amalasa bwino nayo. .40 imakankha mwaukali, .45 ACP ndi yodula ndipo magazini imatenga zochepa, pamene 9mm Short, yomwe ena amaitcha .380, ndi yofookerapo ndipo kawirikawiri siitchipa. Ku South Africa 9mm Parabellum imapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, ndipo chipolopolo chimene mungakwanitse kugula mwezi ndi mwezi ndi chimene chingakuphunzitseni. Samalani pogula: 9mm Short ndi 9mm Parabellum n'zosiyana, ndipo lamulo limakulolani kukhala ndi zipolopolo za mfuti yanu yokha.

Dzina la kampani ndi thumba lanu

Glock ndi CZ ndi zimene zili ponseponse m'dzikomo, ndipo phindu lake si ulemu wa dzina ayi. N'lakuti holster, magazini, masipuling'i ndi amisiri ozidziwa mumawapeza mosavuta. Mfuti yachilendo, ngakhale itakhala yabwino chotani, imasanduka mtolo magazini yake ikathyoka n'kupezeka kuti muyenera kudikira yochokera kunja. Taurus ndi Canik ndi zotsika mtengo, ndipo kwa munthu amene ndalama zake n'zowerengeka si zonyozeka. Kuli bwino Taurus yokhala ndi holster yabwino ndi maphunziro awiri kusiyana ndi mfuti yapamwamba imene yakutherani m'thumba mpaka kulephera kugula zipolopolo. Mfuti yogula kwa munthu wina nayo ndi njira, malinga zonse zidutse m'mapepala a polisi ndipo mmisiri aione kaye.

Powerengera ndalama, ikanimo sefu, holster, lamba, magazini ena awiri, zoteteza makutu ndi maso, malipiro a kupolisi, maphunziro, ndi zipolopolo za chaka chonse. Walira mvula walira matope. Ambiri amawerengera mfuti yokha.

Nanga kagalasi ka kadontho kofiira kamene anthu akuika pamwamba pa slide masiku ano? Kamathandiza, makamaka kwa amene maso ayamba kufooka, chifukwa mumayang'ana chandamale m'malo molimbana ndi zolozera. Koma n'kodula, kamafuna batire, ndipo watsopano amataya nthawi kufunafuna kadonthoko. Gulani mfuti yomwe slide yake inadulidwa kale malo oikapo kagalasiko, muyambe ndi zolozera zachitsulo, zinazo mudzaona m'tsogolo.

Musanalipire, yesani. Mabwalo ambiri ovomerezeka ku Gauteng, Cape Town ndi Durban amabwereketsa mfuti kwa munthu wowombera pamaso pa mlangizi. Kugwira mfuti pa kauntala sikukuuzani zambiri. Womberani zitatu kapena zinayi tsiku limodzi, pa mtunda womwewo wa mamita 5 mpaka 7, ndipo muone zinthu izi: kodi chala chikufika pa trigger popanda kupotoza dzanja, kodi mungathe kudina batani la magazini, kodi mungakoke slide n'kuitsekera kumbuyo, ndipo mabowo ali pati papepala. Pepalalo silinama. Amuna amene mukugulira akazi anu mfuti, asiyeni asankhe okha. Laisensi ikhala yawo, dzanja ndi lawo.

Maphunziro: oyamba aja si odzitetezera

Maphunziro opezera chiphaso amakuphunzitsani lamulo, kutchera ndi kutsitsa mfuti, ndi kulasa pepala loima malo amodzi mutaima phee. Saphunzitsa kusolola mu holster, kuyenda, kubisala, kapena kuganiza mtima ukugunda. Zimenezo n'za maphunziro odzitetezera, omwe palibe lamulo lokukakamizani koma amene anyamula mfuti popanda iwo akudzinamiza.

Njira zilipo zingapo. Kalasi ya gulu ya tsiku limodzi kapena awiri ndi yotsika mtengo, ndipo mumaphunzira poona zolakwa za anzanu. Kuipa kwake n'kwakuti ngati muli ochedwa kugwira zinthu, gulu silikudikirani. Mlangizi wa inu nokha ndi wodula pa ola, koma maola awiri kapena atatu oyamba amachotsa zizolowezi zoipa zisanamere mizu, ndipo kwa munthu wamantha ndi mfuti ndi poyambira pabwino. Kenako pali makalabu a masewero, monga a bungwe la m'dzikomo la SADPA omwe amatsata kachitidwe ka bungwe lapadziko lonse la IDPA, kumene mumasolola mfuti yobisika, n'kuwombera muli kuseri kwa chotchinga, wotchi ikuwerenga. Si nkhondo yeniyeni, ndipo mapepala a chandamale sabwezera, koma palibe njira ina yotchipa yozolowerera kugwira mfuti mosamala anthu akukuyang'anani. Pomaliza pali maphunziro oyeserera zochitika zenizeni ndi mfuti za utoto kapena za mpweya, pomwe munthu wamoyo amakubwererani. Awa amatsegula maso kwambiri, chifukwa ambiri amatulukamo atazindikira kuti yankho labwino linali kuthawa kapena kupereka makiyi a galimoto. Musayambire pamenepo.

Ndondomeko imene ndingalangize ndi iyi: mlangizi wa inu nokha pa miyezi yodikira laisensi ija, pogwiritsa ntchito mfuti ya pabwalo yofanana ndi imene mwagula; kalasi ya gulu mukangolandira yanu; kalabu mwezi ndi mwezi pambuyo pake.

Posankha mlangizi, musatengeke ndi zovala zachisilikali kapena nkhani za kumene anamenyako nkhondo. Kudziwa kuwombera ndi kudziwa kuphunzitsa n'zosiyana. Funsani ngati iye ndi bwalo lake ndi ovomerezeka, ophunzira angati amayang'aniridwa ndi mlangizi mmodzi, ngati tsiku limayamba ndi kufotokoza chochita wina akavulala, ndiponso ngati lamulo lodzitetezera limaphunzitsidwa mozama. Mlangizi amene amaseka malamulo a chitetezo, kapena amene amakuuzani kuti mukawombera wakuba panja mumukokere m'nyumba, musiyeni tsiku lomwelo. Malangizo amenewo ndi opita nawo kundende.

Zoti mutenge ndi zoti muzolowere

Holster ndiyo yoyamba. Ikhale yolimba, ya kydex (pulasitiki wolimba) kapena chikopa chokhuthala, youmbidwa motsatira mfuti yanu yeniyeniyo, yophimba trigger yonse, ndipo kamwa lake lisamafwaphe mfuti ikatuluka. Za nsalu zofewa zolembedwa kuti zimakwana mfuti iliyonse alangizi ambiri amazikana, ndipo amachita bwino. Pa kalasi yoyamba, holster ya pambali pa chiuno ndi yabwino. Ya kutsogolo kwa mimba imabisa bwino ndiponso ndi yachangu, koma kamwa la mfuti limakhala pafupi ndi mtsempha waukulu wa m'ntchafu, ndipo alangizi ena salola oyamba kumene kuigwiritsa ntchito. Funsani pasadakhale. Lamba akhale wolimba, wosapindika. Amayi ozolowera diresi kapena siketi adzafunika thalauza la malupu a lamba patsikulo, ndipo funso la mmene adzanyamulire masiku ena alifunse kwa mlangizi, popeza mfuti ya m'chikwama cha m'manja imapita limodzi ndi chikwamacho mbava ikachitsomphola.

Magazini akhale atatu. Makutu muwateteze kawiri ngati bwalo ndi la m'nyumba, zotsekera za mkati ndi zovala pamwamba, chifukwa kulira kwa 9mm kumafika cha m'ma 160 decibel ndipo makutu akawonongeka sachira. Zamagetsi zimene zimatseka phokoso koma n'kukulolani kumva mawu a mlangizi n'zoyenera ndalama zake. Magalasi oteteza maso, kapusi, nsapato zotseka, ndi malaya otseka pakhosi: kachitsulo kotentha kotuluka mu mfuti kakagwera m'malaya, munthu amavina mfuti ili m'manja, ndipo m'pamene ngozi zimachitikira. Madzi akumwa ambiri. Mukamaliza sambani m'manja musanadye, chifukwa utsi ndi zipolopolo zimasiya mtovu.

Pa zipolopolo pali kamsampha. Wokhala ndi laisensi ya ndime 13 saloledwa kusunga zoposa 200 pa mfutiyo, pamene kalasi ina imafuna zoposa pamenepo. Funsani okonza maphunziro ngati zotsalazo mungagule ndi kuthera pabwalo pomwepo. Pophunzirira gwiritsani ntchito zotchipa za mutu wozungulira. Zodzitetezera, za mutu wa dzenje zomwe zimafutukuka zikalowa ndipo sizipyola kwambiri kukavulaza wina kumbuyo, ndi zodula. Womberaniko zingapo kuti mutsimikize kuti mfuti yanu imazimeza bwino.

Musapite kukalasi ndi mfuti imene simunaiwomberepo. Itsukeni, ipakeni mafuta, iwombereni kaye. Ndipo kunyumba yeserani popanda zipolopolo: chotsani magazini, yang'anani mumpope kawiri, zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china, lozani kukhoma la njerwa kumene kuseri kwake kulibe munthu, n'kumakoka trigger pang'onopang'ono osasuntha zolozera. Mphindi khumi patsiku zimaposa bokosi lathunthu lowomberedwa mwachisawawa. Liwiro lisiyeni, lidzabwera. Pobwezera mu holster palibe mpikisano. Yang'anani, chotsani malaya panjira, bwezerani modekha.

Malamulo anayi amene Jeff Cooper, woyambitsa sukulu ya Gunsite ku Arizona mu 1976, anawafalitsa muwalowetse pamtima musanafike: mfuti iliyonse itengeni kuti ili ndi chipolopolo, musaloze chinthu chimene simukufuna kuwononga, chala chisakhudze trigger mpaka zolozera zili pa chandamale, dziwani chimene mukuwombera ndi chimene chili kumbuyo kwake. Lachinayili ndi limene katswiri wothamanga Oscar Pistorius anaphwanya pa 14 February 2013 ku Pretoria, pomwe anawombera kanayi chitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Ananena kuti ankaganiza kuti ndi wakuba, koma khoti la apilo mu 2015 linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, ponena kuti kaya kuseriko kunali ndani, iye ankadziwa kuti akhoza kupha munthu ndipo panalibe chomuopseza chenicheni. N'chifukwa chake tochi yowala bwino ndi gawo la zida zodzitetezera, ndipo kalasi yowombera mumdima ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira.

Lamulo la dzikolo limalola kudziteteza ngati chiwembu n'chosaloledwa, chayamba kale kapena chili pafupi kuyamba, ndipo zimene mwachita zinali zofunikira ndiponso zolingana ndi kuopsa kwake. Moyo ndi umene umatetezedwa ndi chipolopolo. Munthu amene akuthawa ndi TV yanu simungamuwombere kumsana. Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha, chimodzimodzi kuwombera m'mwamba pakati pa nyumba za anthu, kapena kugwira mfuti mutamwa. Mlangizi wabwino adzakuonetsaninso zimene Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City, analemba mu 1983: munthu wa mpeni amatha kudutsa mtunda wa mamita 6 ndi theka pa sekondi imodzi ndi theka, nthawi yofanana ndi imene munthu wophunzitsidwa amatenga kusolola. Phunziro lake si lakuti muziwombera aliyense woyandikira, koma lakuti kuona zinthu msanga, kusuntha ndi kutalikira zimapulumutsa kuposa dzanja lachangu.

Onjezerani kalasi yoletsa magazi, ndipo mukhale ndi tourniquet (lamba womangira mwendo kapena mkono kuti magazi asiye kutuluka) yeniyeni m'chikwama cha kubwalo ndi m'galimoto. Mwayi woigwiritsa ntchito pa ngozi ya pamsewu ndi waukulu kuposa wosolola mfuti.

Kunyumba, mfuti ikhale pathupi panu kapena m'sefu, kiyi ali ndi inu nokha. Pansi pa pilo ndi pamwamba pa wodilopu si malo. Ana amadziwa pobisa ponse. Ngati m'nyumbamo muli wina amene akuvutika maganizo mpaka kulankhula zodzipha, kapena banja likuyaka moto, mfuti ichoke kaye ikasungidwe kwa wogulitsa wovomerezeka, chifukwa pa nthawi zotere imaopseza a m'nyumba momwemo kuposa akuba. Ikabedwa kapena kusowa, muli ndi maola 24 oti mukanene kupolisi.

Tsiku limene mwalandira khadi la laisensi, lembani pakalendala tsiku lokakonzanso. Pempho liyenera kuperekedwa masiku osachepera 90 laisensi isanathe, ndipo khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linatsimikiza mu 2018 kuti ndime imeneyi ndi yovomerezeka: laisensi ikatha musanapemphe, mfuti imene munagula ndi ndalama zanu imakhala yosaloledwa m'manja mwanu. Onaninso nthawi imene chiphaso chanu cha kuyenera chikuthera, popeza popanda icho pempho lokonzanso siliyenda.